Tsiku lathunthu pamadzi ndi mlongo wanga

Foni idalira Lachinayi madzulo ndili kudimba. Adali mayi wina wa ku Likoma yemwe sindidamuonepo, mwini nyumba imene mlongo wanga ankachita lendi. Sadazungulire. Adati m'bale wanu watuluka m'chipatala, mwini ukonde wamuchotsa ntchito, ndiye ngati ali ndi abale abwere adzamutenge asadayambirenso. Chimene ankati asadayambirensocho ndidachidziwa ndisadafunse.

Mlongo wangayu ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka 6, koma ndiye mwamuna yekhayo m'mimba mwa mayi athu. Kwathu kuno ku Ngokwe zimenezi si zamasewera. Ndiye mwinimbumba, ndiye malume wa ana anga, ndiye woyenera kudzalankhula tsiku limene mwana wanga wamkazi adzabwere ndi munthu pakhomo. Usodzi adauphunzirira pa nyanja yathu ya Chiuta ali mnyamata. Chaka china madzi ataphwera nsomba n'kusowa, adatsatira anzake ku Mangochi, kenako tidangomva kuti ali ku Likoma, wakhala mlovi pa ukonde wa usipa. Chaka choyamba ndalama ankatumiza. Chachiwiri zidayamba kudumphadumpha. Chachitatu tinkangolandira malonje a anthu odutsa, ndipo onse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: koma mowa.

Likoma ndi chilumba, kulibe msewu wopita kumeneko, choncho maso anga adali pa sitima ya Ilala. Sitimayi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu kulowera kumpoto, ndipo ndikadakwerera kumeneko Sabata likadandipeza pamadzi. Ndidasankha kukaitchingira ikamabwerera. Sande m'mawa ndidakwera njinga yamoto mpaka pa tala, minibasi kudzera ku Ntaja ndi ku Liwonde mpaka ku Balaka, kenako basi ya msewu wa m'mbali mwa nyanja, Salima, Nkhotakota, mpaka Nkhata Bay. Ndidagona kwa abale a mumpingo. Lolemba usiku ndidakwera Ilala ndi tikiti ya ekonome, chigubu cha madzi othira klorini, mtedza wokazinga, ndi envelopu yodzaza timapepala ta phunziro la kudziletsa, tomwe ndimagawa pa masabata a zaumoyo kumpingo kwathu.

Ine wokulira pa Chiuta, pamene mwini bwato amayendetsa ndi mponda uku akukhudza pansi, Ilala idandiopsa. Ndi yaitali mamita 52. Adaipanga ku Glasgow m'dziko la Scotland m'chaka cha 1949, n'kubwera nayo zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira, kudzailumikiza kuno, ndipo idayamba kuyenda mu 1951. Dzinali idatengera kwa Ilala yoyamba ya amishoni ya mu 1875, imene adaitcha dzina la dera lomwe David Livingstone adamwalirira mu 1873. Mayi athu adabadwa sitimayi ikuyenda kale. Ife a ekonome malo athu ndi pansi, pafupi ndi injini, pakati pa matumba a chimanga, malata, njinga, nkhuku ndi matiresi. Pa katundu yense wopita kuzilumba, maso anga adakakamira pa makireti a mowa. Ndidawawerenga mpaka ndidasokonezeka.

Tidaima pa Chizumulu pakati pa usiku, ndipo ku Likoma tidafika kukali mdima. Nthawi imeneyo sitima inkaponya nangula patali, anthu n'kumabwera pa maboti a sitimayo. Kutayamba kuyera ndidamuona akukwera makwerero, thumba la usipa wouma paphewa, omwe adali malipiro ake otsiriza. Malaya adali omwe ndidamugulira ine pa Ntaja, koma tsopano ankalendewera ngati ali pa waya.

"Achemwali, mwafika ndithu."

"Ndafika, achimwene. Nanga ndikadatuma ndani?"

Pano ndiime kaye ndinene za chipatala chija, chifukwa makomo ambiri ali ndi munthu wotere. Iye sadagonekedwe chifukwa chomwa, adagonekedwa chifukwa chosiya mwadzidzidzi. Ndalama zidamuthera, ndipo munthu yemwe ankamwa tsiku ndi tsiku adakhala masiku awiri osalawa. Thupi lozolowera mowa wambiri likamanidwa mwadzidzidzi limayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pasadathe tsiku, ndipo pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati akhunyu, kubwebweta, kuona zinthu zomwe palibe. Zimenezi zimapha. Munthu womwa kwambiri akafuna kusiya, masiku oyambawo ayambire kuchipatala, osati kumutsekera m'nyumba. Mlongo wanga adapulumuka chifukwa anzake adamunyamula msanga. Pamene ndinkakumana naye n'kuti patatha milungu 3 asadamwe. Zoopsa za thupi zidali zitadutsa. Chidatsala ndi chibaba.

Sitima italiza hutala, malambe a ku Likoma ndi nsanja za tchalitchi cha St Peter's, chomwe Aanglikani adayamba kumanga mu 1903, zidayamba kuchepa m'mbuyo mwathu. Kutsogolo kudali ulendo wa ku Nkhotakota, kenako usiku wina wathunthu, kuti Lachitatu tikafike ku Monkey Bay. Udali mwezi wa Okutobala, mwera utatha, nyanja ili phee. Netiweki idazimirira. Kumanzere mapiri a ku Mozambique, kumanja madzi okhaokha mpaka pamene adakumana ndi thambo. Kunalibe khasu, kunalibe mjigo, kunalibe msika woti uthamangireko. Anthu mazana tidangopatsidwa tsiku lathunthu, aliyense aone chochita nalo.

Ndidachita chidwi kuona mmene anthu adaligawira. Amayi ena adayamba kulukana tsitsi asadadziwane ndi maina omwe. Wina ankasenda mtedza m'lichero, ana a eni ake atamuzinga. Atsikana awiri obwerera kusukulu ankafunsana mafunso a bayoloje. Anyamata adayala chitenje pa thumba n'kuyamba makhadi, ena adaunjikana pa foni imodzi kuonera filimu mpaka batire lidatha, ndiye padabuka mkangano wa soketi. Bambo wina adalalikira ola lathunthu akulimbana ndi phokoso la injini. Ambiri adangogona pa katundu wawo. Pamwamba penipeni, pa malo a matikiti odula, pali bala ndi mipando, ndipo mwana wina yemwe adakasuzumira adadzatiuza kuti azungu agona padzuwa dala akuwerenga mabuku. Amayi adaseka mpaka misozi.

Ndipo pakona ina, kuseri kwa matumba a usipa, padali alovi anayi, anzake a mlongo wanga, opita kukagulitsa nsomba ku Nkhotakota. Botolo lidayamba kuzungulira dzuwa lisadafike pamutu.

Ine tsiku langa ndidali nditalikonza kale. Ndidamukhazika pa benchi, ndidamupatsa madzi, ndidatsegula envelopu. Ndidamufotokozera za chiwindi, mmene chimatupira kenako n'kuuma. Ndidamufotokozera za BP, za zilonda za m'mimba, za ndalama zimene adamwa zomwe zikadagula malata. Phunziroli ndimalidziwa pamtima, ndipo kumpingo anthu amati ndimalipereka bwino. Iye ankangoti inde achemwali, zoona achemwali, maso ali pa zala zake. Atadzuka kupita kumbali kwa sitima ndidamutsata. Atapita kokagula tiyi ndidamutsata. Atalowa kuchimbudzi ndidaima pakhomo ngati ndikudikira mzere. Potuluka adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, mwabwera kudzanditenga kapena kudzandimanga?"

Ndidasowa poponda. Anthu awiri atatu adamva, ndipo mmodzi mwa iwo adali mkulu wina wa imvi, Mtonga wa ku Nkhata Bay, yemwe adakhala moyang'anana nafe chikwerereni. Sadandiyang'ane n'komwe. Adatulutsa bawo lopinda pansi pa benchi, n'kukhuthula nkhomo m'kathumba.

"Aphwanga, mumatha iyi? Anyamata a masiku ano amangodziwa makhadi. Tabwerani ndikudyeni."

Bawo ine sindilitha, kwathu ndi masewera a abambo pansi pa mtengo wa mango, ndipo kunena zoona ndinkaliwerengera pamodzi ndi ulesi. Tsiku limenelo ndidaliyang'anitsitsa koyamba. Maenje 32 m'mizere inayi, nkhomo 64, ndipo munthu asadagwire nkhomo amayenera kuwerengera mumtima kumene dzanja lake likathere, kudutsa maenje khumi kapena kuposa, n'kuonanso chimene mnzakeyo adzachite pobwezera. Mutu sungagwire ntchito imeneyo uku ukuganiza za botolo. Masewera oyamba mlongo wanga adadyedwa msanga. Achiwiri adalimbako. Pofika achitatu padali patazungulira abambo asanu, aliyense akulangiza zake, ndipo ndidamva mlongo wanga akuseka. Kuseka kumeneko ndidakumva komaliza pa ukwati wa msuweni wathu zaka zambiri zapitazo.

Cha m'ma 11 koloko ndidaona dzanja lake likulephera kuponya nkhomo m'dzenje. Maso ake adapita kuseri kwa matumba kuja, kubwerera, kupitanso. Thukuta lidatsika m'khosi. Ine ndidagwira envelopu. Mkulu uja adangoti, "Miyendo yanga yachita dzanzi. Tiyeni mundiperekeze tikaone kutsogolo." Adayenda pang'onopang'ono, kulambalala matumba ndi miyendo ya anthu ogona, mpaka kumene a ekonome timalekezera, kubwerera, kupitanso. Ndidawerenga maulendo 7. Atakhalanso pansi dzanja lija lidali litakhazikika. Zimene ndidaziwerengapo m'mabuku athu ndidaziona ndi maso: chibaba sichikhala tsiku lonse, chimabwera, chimakula, ndipo kawirikawiri chimaphwa pasadathe theka la ola ngati munthu wapeza pogwira. Ine ndinkazidziwa. Mkuluyo ndiye adadziwa chochita nazo.

Masana tidagula nsima ya nyemba. Nsomba idalipo, koma nditafunsa adati ndi kampango, ndiye tidaisiya. Tikudya, mkulu uja adatisimbira kuti adakhala zaka zambiri ku Durban akugwira ntchito m'makhitchini, ndipo nyengo ina adatsuka mbale pa sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo kuchoka ku Durban kupita kuzilumba za ku Mozambique. Adati Ilala yathuyi ikhoza kukhala ngati kabwato pambali pake. Anthu amakwera osapita kwina kulikonse, amangofuna kukhala pamadzi. Muli maiwe osambira, malo olimbitsira thupi, mafilimu, magule, masitolo, ndi chakudya usana ndi usiku. Tsiku limene sitima siima padoko, adatero, ndilo limene antchito amatopa kwambiri, chifukwa mlendo aliyense amalandira ndandanda ya zochitika kuyambira m'mawa mpaka pakati pa usiku, ola ndi ola.

Ndidati anthu olemera ali ndi nthawi yotaya. Iye adapukusa mutu.

"Mayi, eni sitima zimenezo adaphunzira chinthu. Munthu mukamuika pamadzi opanda chochita, amayamba kudzimva yekha, ndipo ambiri sapirira. Ndiye mumampatsa chochita. Mukapanda kumpatsa amapita ku bala. Kumeneko ndiye sataya, bala ili pakona iliyonse, juga ilinso pomwepo. Njira zonse ziwiri ndalama ndi zawo."

Adatola nkhomo n'kuwonjeza, osakweza mawu, kuti iye adasiya mowa ali ndi zaka 50, ndipo chimene chidamuvuta kwambiri adali maola a pakati pa 2 koloko masana ndi kulowa kwa dzuwa.

Mawu amenewa adandikhala. Ndidayamba kuwerengera tsiku la mlovi. Usipa amapha usiku ndi nyali. M'mawa agulitsa, agawana ndalama, agona pang'ono. Kuyambira masana mpaka madzulo alibe munda, alibe mkazi pafupi, alibe mwana womutuma, ali pa mchenga ndi ndalama m'thumba ndi anzake omwe ali chimodzimodzi. Mlongo wanga adakhala zaka zitatu m'maola amenewo. Ine m'maphunziro anga onse ndinkauza anthu choti asiye. Sindidafunsepo ndi mmodzi yemwe kuti akasiya, nthawi imene ankamwayo azichita chiyani.

Dzuwa litapendeka wina adakuwa kuti moto panyanja. Kutali kudaima mizati yakuda ngati utsi wa lupsa, itatu, ikuyenda pamwamba pa madzi. Mlongo wanga ndiye adatifotokozera, ndipo anthu adamuzungulira. Adati si utsi, ndi nkhungu, tizilombo touluka tating'onoting'ono tomwe timakulira pansi pa nyanja n'kutuluka tonse pamodzi, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda anthu a m'mbali mwa nyanja amatikola ndi malichero n'kuumba ndiwo. Adalozanso mmene madzi amasinthira mtundu pakuya, adatchula mphepo ndi maina ake, mwera, mpoto, vuma, ndi chimene iliyonse imachita ndi usipa. Atsikana a sukulu aja adamufunsa mafunso ngati mphunzitsi. Ine ndidaima kumbuyo. Zaka zonsezi ndikamutchula ndinkati m'bale wanga wa vuto uja. Sindidadziwe kuti nyanja yaikuluyi amaidziwa chomwechi.

Ku Nkhotakota tidafika kutada. Sitima idaima patali, maboti adatsitsidwa, phokoso lidayamba. Alovi anayi aja adali ndi matumba ambiri, ndipo mmodzi adakuwa kuti mlongo wanga awathandize kutsitsa mpaka kumtunda, abwerera ndi boti lomwelo. Adandiyang'ana. Pakamwa panga padali patadzaza kale mawu. Mkulu uja adatsokomola, maso ali pa bawo lake. Ndidangoti, "Musachedwe, achimwene." Adatsika makwerero, boti lidalowa mumdima.

Sindidzaiwala maola amenewo. Ndidaima pa chitsulo cha m'mbali ndikuyang'ana magetsi a kumtunda. Boti loyamba lidabwera ndi matumba a mpunga ndi amayi a ana, iye mulibe. Lachiwiri mulibe. Ndidayamba kukonza zokanena kwa mayi kumudzi. Ndidadzitukwana kuti ndayenda mtunda wonsewu kudzataya munthu pa doko lapakati chifukwa chomvera chifuwa cha mkulu wosamudziwa. Ndidapemphera pemphero losalongosoka. Lachitatu mulibe. Hutala idalira. Boti lotsiriza litagunda m'mbali mwa sitima ndidaona malaya a pa Ntaja aja, atanyowa mpaka m'chifuwa, m'manja muli phava la nthochi.

Ndivomere kuti pomulandira nthochizo ndidasendeza mphuno. Sindidamve kanthu koma usipa. Munthu yemwe wasenza matumba a usipa maola awiri amanunkha usipa, ndipo fungo limenelo limaphimba china chilichonse. Iye adaona zimene ndidachita, koma sadanene kanthu.

Usiku anthu atagona tidakhala kumbali kwa sitima, nsana titatsamira thumba lake. Kutali nyali za asodzi zidandandalika ngati mudzi. Tidakamba za bambo athu, za chaka chimene Chiuta chidasefukira mpaka m'minda, za mwana wake wa ku Mangochi yemwe sadamuone chibadwire, nkhani yomwe ine ndidaimva koyamba usiku umenewo. Envelopu ndidali nditaikhalira kuti chitsulo chisandizizire. Patapita nthawi adati:

"Kumtunda kuja adandipatsa."

Ndidakhala chete.

"Ndidaligwira botololo, achemwali. Ndidalinunkhiza."

"Ndiye?"

"Ndiye ndidakumbukira kuti madala aja adandidya kanayi, ine kawiri. Ndidati ndikamwa mawa andimaliza."

Kaya adanena zonse, kaya adasiyako zina, sindidafunse. M'mawa kutacha adayala bawo asadamwe ndi tiyi yemwe, ndipo pamene mapiri a ku Monkey Bay ankaonekera n'kuti ali pa masewera achisanu. Mkulu uja adatsika ndi kathumba kake ka nkhomo, mwana wake adamuchingamira, tidatsanzikana pa geti. Nambala yake sindidatenge, ndipo mpaka lero ndimadandaula.

Kumudzi sizidayende mosalala. Chibwerereni wagwapo kawiri, kamodzi pa maliro, kamodzi atagulitsa mpunga. Ulendo wachiwiriwo ndidalira ngati wamwalira. Koma adadzuka, ndipo miyezi ya pakati pa kugwako ikutalika. Ndidasiya kumuwerengera za chiwindi. Ndidakambirana ndi amuna anga kuti dimba la kumunsi likhale lake, ndipo kuthirira timachita masana dzuwa likapendeka, osati m'mawa monga tinkachitira kale. Kumpingo ndikamayendera makomo, mayi akandidandaulira za mwamuna kapena mwana womwa, funso langa loyamba tsopano limakhala lakuti munthuyo amakhala kuti, ndipo ndi ndani, kuyambira 2 koloko mpaka mdima. Ambiri amayamba adabwa, kenako amayankha nthawi yaitali.

Mwezi wathawu adasema bawo lake pa thabwa la mlombwa lomwe lidatsala pa chitseko. Maenje ena ndi aakulu, ena aang'ono, ndipo m'malo mwa nkhomo akugwiritsa ntchito timiyala ta kudambo. Amaliyala pansi pa mango kuseri kwa nyumba ya mayi, ndipo pamabwera abambo angapo, ena a kumzikiti, ena a kwathu. Dzulo ndikuchokera kumjigo ndidapeza akuphunzitsa mwana wanga wamwamuna kutakata. Mwanayo adaponya molakwika, ndipo malume ake adamubwezera timiyala m'manja kuti awerengenso.